Bwanji timawerengabe buku lomwe mathero ake tikuwadziwa kale?

Pa mabuku akale amene amayalidwa pansi m'mbali mwa Cairo Road ndi chakufupi ndi City Market mu Lusaka, ukachotsapo a mapemphero ndi aja olonjeza kukulemeretsa, amene ndimaona akutha msanga ndi a mitundu iwiri: achikondi ndi ofufuza milandu. Ndiwonso amene amanyozedwa kwambiri. Aphunzitsi athu ankawalanda m'kalasi, ndipo anthu ena ophunzira amati buku lomwe mathero ake ukuwadziwa usanalitsegule si buku ayi. Mathero timawadziwadi. Mnyamata ndi mtsikana adzakwatirana, wakupha adzagwidwa. Koma amene amati chimenechi ndi chilema sanamvetse chimene wowerenga amagula akatulutsa ndalama yake.

Amagula lonjezo. Buku lachikondi limalonjeza kuti awiriwa, kaya avutike bwanji, adzakhala pamodzi. Buku lofufuza mlandu limalonjeza ziwiri: wolakwa adzadziwika, ndipo wolemba sadzakubisira umboni umene wofufuza wa m'nkhaniyo waona. Pakhomo palibe amafunsa ngati madzulo kuli nsima, funso limakhala la ndiwo. M'mabuku awa mathero ndiwo nsima, ndipo labwino limasiyana ndi lachabechabe pa chimene wolemba waika panjira yopita ku matherowo. Ine ndawawerenga kuyambira ku sekondale, ndipo ndimaona kuti ambiri a masiku ano afooka pamenepa. Chifukwa chake chilipo.

Nkhani zachikondi zimene ambiri tinakula nazo zinachokera ku kampani ya ku London, Mills & Boon, imene Gerald Mills ndi Charles Boon anayambitsa mu 1908. Poyamba inkasindikiza mabuku amitundumitundu, ndipo inaika mtima pa zachikondi cha m'ma 1930. Kampani ya ku Canada, Harlequin, imene inayamba mu 1949, inkasindikizanso mabuku omwewo kwa owerenga a kutsidya la nyanja, mpaka mu 1971 inangoigula Mills & Boon yonse. Kuyambira 2014 zonse ziwiri zili m'manja mwa HarperCollins. Nzeru yawo inali yogulitsa dzina la kampani osati la wolemba: timabuku tating'ono, totalika mofanana, totuluka mwezi ndi mwezi. N'chifukwa chake mukafunsa mayi aliyense amene anaphunzira pa sukulu yogonera pomwepo, adzakuuzani kuti anawerenga Mills & Boon zambirimbiri pansi pa bulangete, koma dzina la wolemba ngakhale mmodzi salikumbukira. Bungwe la olemba nkhani zotere ku America, Romance Writers of America, limati zofunika ndi ziwiri basi: chikondi chikhale pakati pa nkhani, ndipo mathero akhale okondweretsa. Nkhani imene okondana amafa pomaliza ingakulizeni misozi, koma si ya mtundu uwu.

Popeza mathero ndi odziwika, katundu yense amasenzedwa ndi chopinga, chija chimene chikuletsa awiriwa kukwatirana pa tsamba lachiwiri. Chopinga china chimakhala chakunja: makolo, umphawi, chipembedzo, mtunda. China chimakhala cha mumtima: kunyada, mantha, bala la chibwenzi chakale. Wolemba wodziwa ntchito amamanga ziwirizi pamodzi, kuti munthu asathe kuchotsa chakunja asanasinthe mtima. Ndipo payenera kukhala tsamba limene madzi achita katondo, pamene iwe wowerenga, ngakhale ukudziwa lonjezo lija, sukuonanso polowera. Pride and Prejudice ya Jane Austen inatuluka mu 1813 ndipo olemba akuiberabe mpaka lero. M'menemo muli banja la ana aakazi asanu opanda mlongo, ndipo bambo akadzamwalira nyumba ndi minda zidzapita kwa wachibale wamwamuna. Ukwati pamenepo si nkhani ya mtima wokha, ndi nkhani ya kumene mayi ndi ana ake adzagone. Mayi wa ku Matero amene anaonapo achibale a mwamuna akubwera ndi lole maliro atangotha angaimve nkhani imeneyi bwinobwino.

Mabuku achikondi a masiku ano amagulitsidwa mwa njira ina. Kuyambira cha m'ma 2020, owerenga achitsikana atayamba kuuzana za mabuku pa TikTok, osindikiza anayamba kulengeza zam'kati poyera: adani amene adzakondana, chibwenzi chonamizira kuti makolo asiye kufunsa, hotelo yotsala ndi chipinda chimodzi cha bedi limodzi, bwana wolemera wokhala ndi ndege yakeyake. Ambiri amalembedwa mosinthana, mutu uno akulankhula mkazi, wotsatira mwamuna, ndipo zakuchipinda zimafotokozedwa mosabisa mawu. Kulengeza zam'kati sikundivuta. Vuto langa ndi lakuti chopinga chinafa. Ku London kapena ku New York lero, anthu awiri akuluakulu, osakwatira, onse apantchito, palibe chowaletsa. Wolemba ndiye amachita kupanga chopinga ndi manja. Mkazi aona mwamuna akukumbatira mtsikana pa bwalo la ndege, athawa akulira, atseka foni, ndipo tidikira masamba 80 kuti timve kuti mtsikanayo anali mlongo wake. Mkangano umene ungathe ndi funso limodzi si mkangano. Olemba ochenjera anaona zimenezi ndipo anathawira kumene zopinga zikalipo: ena kubwerera zaka 200 m'mbuyo, ku nthawi ya ma Bridgerton a Julia Quinn amene Netflix inawatchukitsa mu 2020, ena ku maiko ongopeka a mafumu ndi zinjoka zouluka, ena kwa zigawenga.

Awa a zigawenga, pamodzi ndi abwana olemera aja, ndi amene amandiwawa. Mwamuna amasecha foni ya mkazi, amamuletsa kucheza ndi anzake, amamutsatira kuntchito, amamugwira dzanja mpaka kutupa, ndipo buku likutiuza kuti n'chifukwa chakuti amamukonda kwambiri ndipo anakula movutika. Zonsezi ndi zimene amayi amakanena ku Victim Support Unit ya apolisi, ndipo lamulo la dziko lino la Zambia la mu 2011 lolimbana ndi nkhanza za m'banja silinena za kumenya kokha, limatchulanso kuzunza maganizo ndi kumana munthu ndalama. Sindikunena kuti wowerenga ndi mwana wosasiyanitsa buku ndi moyo. Ndikunena za luso: mwamuna wotere akasintha m'masamba khumi omaliza chifukwa mkazi walira, wolemba wanama. It Ends with Us ya Colleen Hoover, ya mu 2016, ili ndi chikuto cha maluwa ndipo Chingerezi chake n'chopanda mchere, koma pa ichi inanena zoona. Mkazi wa m'menemo amamukonda mwamuna womenya uja, ndipo amachokabe.

Chodabwitsa n'chakuti zopinga zimene olemba akunja akusowa, ife tikupunthwa nazo tsiku ndi tsiku. Timati ukwati ndi anthu awiri, wachitatu ndi kapasule, koma ukwati wa mu Lusaka umadutsa m'manja mwa anthu makumi angapo usanafike ku tchalitchi. Tengani namwino wokhala ku Chelstone, kwawo ku Katete, ndi mnyamata wa ku Monze. Kwao kwa mtsikana ana ndi a kuchikazi ndipo mawu omaliza ndi a amalume. Kwao kwa mnyamata ukwati amauwerengera ng'ombe. Ankhoswe afika ndi mbale yovindikira, akhala pansi, ndipo amalume, amene anagulitsa chimanga ndi mtedza kuti mtsikanayu amalize koleji, atchula mtengo umene wapangitsa chipinda chonse kukhala chete. Si kuti amalumewo ndi oipa, ndipo apa ndi pamene pali nkhani. Mnyamata naye ndi woyamba kubadwa, akulipirira azing'ono ake sukulu. Wina amapemphera Loweruka, wina Lamlungu. Kuli alangizi ndi zimene adzamuuze mtsikana usiku, kuli kukayezetsa magazi ndi zimene zingatuluke. Palibe chimodzi mwa izi chimene chingathe ndi foni imodzi.

Olemba a mu Africa anaziona kale zimenezi. Mu 1977 kampani ya Macmillan inayamba kutulutsa timabuku ta Pacesetters, toposa 100, tachikondi ndi ta milandu, tolembedwa ndi anthu ngati Helen Ovbiagele wa ku Nigeria, David Maillu wa ku Kenya ndi Dede Kamkondo wa ku Malawi. Aubrey Kalitera wa ku Malawi komweko ankadzisindikizira yekha nkhani zake zachikondi. Kumpoto kwa Nigeria amayi achihausa, mmodzi wa iwo Balaraba Ramat Yakubu, amalemba za chikondi, mitala ndi ukwati wokakamiza m'chilankhulo chawo, ndipo mabuku awo amagulitsidwa m'misika ya ku Kano. Kwathu kuno njala imeneyi yakhala ikuthetsedwa ndi TV. Amene anaona mmene nyumba zimakhalira chete ikayamba Mpali pa Zambezi Magic sangakayike kuti anthu akufuna nkhani za maukwati a kwao.

Nkhani zofufuza milandu zili ndi malamulo okhwima kuposa zachikondi. Ambiri amati zinayamba ndi Edgar Allan Poe mu 1841. Sherlock Holmes wa Arthur Conan Doyle anaonekera mu 1887, ndipo Agatha Christie, amene anatulutsa buku lake loyamba mu 1920, analemba mabuku 66 a mtundu uwu. Mu 1929 wansembe wina wa Katolika, Ronald Knox, amenenso ankalemba nkhani zotere, anaika pa pepala malamulo khumi. Limodzi mwa iwo, lonena za anthu a ku China, lero limangochititsa manyazi. Koma enawo akugwirabe: wolakwa akhale mmodzi mwa anthu otchulidwa koyambirira kwa nkhani, mizimu ndi matsenga zisathandize kuthetsa mlandu, wofufuza asapeze yankho mwangozi kapena mwa kungomva m'thupi, asabise umboni umene wapeza, ndipo mapasa asatulukire pomaliza ngati sitinauzidwe kale kuti alipo.

Buku lotere limakhala ndi nkhani ziwiri zoyenda mosemphana. Yoyamba ndi ya mlandu weniweniwo, imene inatha buku lisanayambe ndipo wakupha akufuna kuti isamveke. Yachiwiri ndi ya kufufuza, imene ikuyenda kutsogolo ikufukula yoyamba ija chobwerera m'mbuyo. Wofufuza amafunsa zitatu pa munthu aliyense: anali ndi chifukwa, anali ndi njira, anali ndi mpata? Oganiziridwa amakhala ochepa, odziwana, ndipo aliyense amanama. Koma ndi mmodzi yekha amene akunama za imfayo. Wina akubisa chibwenzi, wina ngongole ya kaloba, wina mwana wa kunja. Mabodza osalakwawa ndi amene amasocheretsa wowerenga, ndipo ndiwo amachititsa kuti buku likhale la anthu osati masamu okha.

Luso lalikulu ndi kuika umboni poyera koma wowerenga osauona. Tiyeni tipeke kamlandu kathu. Bambo wina wa ku Chilenje, mwini nyumba zingapo za lendi ku Chawama, apezeka atafa Lachitatu m'mawa. Pa tsamba 30 tili pa nyumba ya maliro, amayi ali kuseri akuphika, ndipo azakhali a ku Kabwata akudandaula mokweza kuti Lachiwiri magetsi anapita masana n'kubwera kutacha, nsomba zawo zonse za m'firiji zinaonongeka, ndipo palibe akuwamvera chisoni chifukwa aliyense ali kalikiliki ndi maliro. Timaseka, timapitirira. Pa tsamba 110 wapolisi wofufuza afunsa mlamu wa malemu, amene amakhala m'kanyumba ka kuseri kwa azakhali aja, kuti anali kuti Lachiwiri usiku. Iye ayankha mosatekeseka kuti anali m'nyumba mwake, akuonera mpira pa TV mpaka unatha, ndipo atchula zigoli molondola. Umboni wonse uli m'manja mwathu, kungoti unabwera utavala nthabwala, ndipo pakati pake padutsa masamba 80. Wowerenga wa mu Lusaka wa lero ndi wochenjera, adzati mwina mlamuyo ali ndi sola. Choncho wolemba ayenera kutseka khomo limenelo nalonso, mwina pa tsamba 60, pamene tiona mlamu yemweyo akusiya foni yake pa kantemba ka ometa tsitsi kuti imutchajire. Pomaliza wofufuza akalumikiza zitatuzi, wowerenga amabwerera m'mbuyo, amazipeza zonse pamalo pake, ndipo amadzimenya pamphumi. Chimwemwe cha mabuku awa ndi chimenecho: wapusitsidwa, koma sunaberedwe.

Ambiri a masiku ano amaba. Gone Girl ya Gillian Flynn itatuluka mu 2012, kenako The Girl on the Train ya Paula Hawkins, wobadwira ku Harare, mu 2015, mlandu unachoka m'manja mwa wapolisi n'kulowa m'chipinda cha mwamuna ndi mkazi wake, ndipo wofotokoza nkhani anakhala munthu wosadalirika. Mabuku awiriwa ndi aluso, makamaka loyambalo. Njirayonso si yatsopano: Christie anaigwiritsa ntchito m'buku lake lina la mu 1926, koma wofotokoza wake sanena bodza ngakhale limodzi kwa wowerenga, amangodumpha mphindi zingapo mwaulemu. Otsanzira a lero sadziletsa choncho. Munthu akutiuza za mumtima mwake kuti akudabwa amene wapha mwamuna wake, pomaliza n'kupezeka kuti ndi iye mwini ndipo ankadziwa nthawi yonseyi. Kapena anali ataledzera, kapena anagwa n'kuiwala zonse, ndipo adzakumbukira pa tsamba limene wolemba akufuna. Kudzidzimutsa munthu n'kosavuta ngati ukuloledwa kunama. Ndikafika pa mathero otere sindibwerera m'mbuyo kukafufuza, chifukwa ndikudziwa kuti kulibe kanthu.

Foni, makamera a m'misewu ndi kuyeza DNA zawavutanso olemba awa, monga mmene ufulu unawavutira a zachikondi. Ndiye mudzaona mabuku ambiri atsopano akuchitikira pa chilumba pamene mphepo yadula netiweki, kapena akufukula mlandu wa zaka 30 zapitazo, kapena akupereka ntchito yofufuza kwa nkhalamba zopuma pantchito, monga anachitira Richard Osman mu 2020. Za James Hadley Chase, amene abambo athu ankayenda naye m'thumba la jekete, ndingonena kuti ambiri mwa mabuku ake si a mtundu uwu kwenikweni. Wolakwa timamudziwa kale, funso limakhala lakuti athawa kapena ayi.

Lamulo la Knox loletsa mizimu ndi limene limafuna kuliganizira bwino ukakhala kuno. Kwathu munthu akafa mwadzidzidzi, funso lakuti ndani limabwera msanga kuposa lakuti chamupha n'chiyani, ndipo yankho nthawi zambiri limakafunidwa kwa sing'anga kapena kwa mneneri, ngakhale kuti Witchcraft Act, lamulo lochokera m'nthawi ya atsamunda, limaletsa kutchula munthu kuti ndi mfiti. Nthano zathu nazo zili ndi njira yawo. Gwenembe atapha Sikusinja panjira yobwerera kumudzi, palibe amene anayeza mapazi kapena kufunsa mboni. Mbalame inangomutsatira ikuimba mpaka anthu onse anamva. Choona chimadziulula chokha, mlandu suwola. Nkhani yofufuza imakhulupirira zina: kuti choona chimachita kufukulidwa ndi munthu, pang'onopang'ono, ndipo amene aliyense akumuloza chala nthawi zambiri si iyeyo. Amene anali mu Lusaka kumayambiriro kwa 2020, mphekesera za anthu opopera mankhwala m'nyumba usiku zitachokera ku Chingola n'kufika m'makomboni athu, akukumbukira anthu amene anaphedwa ndi magulu okwiya chifukwa chongokhala achilendo pamalo. Kuyambira nthawi imeneyo sindiona kufunsa kwa wofufuza wa m'buku, kuja kwakuti unaona ndi maso ako kapena unangomva, ngati masewera.

Wolemba wa kuno safunika kuchotsa ufiti m'nkhani yake, chifukwa akatero anthu ake sakhala a kuno. Chofunika ndi kudziwa pouika. Chikhulupiriro chingakhale chifukwa chophera, chingakhale chobisalira cha wakupha, chingatseke pakamwa mboni zonse za m'mudzi. Koma dzanja limene linapha likhale la munthu, ndipo ligwidwe ndi umboni. Kwei Quartey wa ku Ghana anachita zimenezi mu Wife of the Gods ya mu 2009, mmene wapolisi wa ku Accra amatumidwa kumudzi kumene aliyense ali kale ndi yankho lake. Unity Dow, mayi woyamba kukhala woweruza wa khoti lalikulu ku Botswana, anapita patali mu The Screaming of the Innocent ya mu 2002, yonena za mwana wophedwa chifukwa cha zizimba. Iye amatiuza olakwa koyambirira, anthu olemera ndi olemekezeka, ndipo chilungamo chimene tikuyembekezera sichibwera. Waphwanya lonjezo dala, ndipo ukamaliza umakhala ndi mkwiyo umene iye amafuna kuti ukhale nawo.

Za Mma Ramotswe, mayi wofufuza milandu wa ku Gaborone, amene Alexander McCall Smith, wobadwira ku Bulawayo, anamubweretsa mu 1998, maganizo anga ndi ogawikana. Botswana wake ndi woyera kwambiri, wofatsa kwambiri, wokonzedwera alendo. Koma pa chinthu chimodzi anaona bwino. Mayiyu sagwira anthu ndi makina. Amakhala pansi, amamwa tiyi, amafunsa wantchito wa m'nyumba, amapeza kuti msuweni wa mnzake anakwatiwa kumudzi kwa woganiziridwa. Umu ndi mmene zinthu zimadziwikira mu Lusaka. Mayi wogulitsa tomato pa geti, kondakitala wa minibasi ya ku Mtendere ndi mlonda wa usiku amadziwa amene analowa nyumba iti ndi nthawi yanji kuposa kamera iliyonse.

Nanga bwanji mabuku otere m'Chinyanja ndi osowa? Osindikiza a dziko lino, kuyambira nthawi ya NECZAM, kampani yosindikiza mabuku ya m'zaka zoyambirira za ufulu, akhala akudalira mabuku a sukulu, chifukwa ndiwo ali ndi wogula wotsimikizika. Buku la m'chilankhulo chathu limene silinalowe m'kalasi limavuta kubweza ndalama, ndipo lolowa m'kalasi limayenera kukhala laulemu ndi lachiphunzitso. Luso lofotokoza nkhani linapita ku wailesi, kumene Julius Chongo ankasonkhanitsa mabanja ndi Poceza m'Madzulo, ndipo lero lapita pa Facebook ndi WhatsApp, kumene achinyamata amalemba nkhani chigawo chimodzi patsiku, Chingerezi, Chinyanja ndi Chibemba zili pamodzi. Ndimaziwerenga, ndipo zina zili ndi moyo kuposa mabuku odula a ku Manda Hill. Koma njira imeneyi ili ndi msampha. Wolemba amadya chifukwa choti nkhani isathe, ndiye chopinga chikachoka amabweretsa china: chibwenzi chakale chabwera ku Johannesburg, mimba, ngozi ya galimoto, apongozi apita kwa sing'anga. Nkhani yachikondi imatha kupirira zimenezi kwa kanthawi. Yofufuza mlandu singathe n'komwe, chifukwa imalembedwa kuyambira kumathero. Sungaike nsomba za azakhali pa tsamba 30 ngati sukudziwa kale kuti wakupha ndi mlamu.

Amene angafune kulemba, zida zili m'malamulo athu omwe. Intestate Succession Act ya mu 1989 imagawa chuma cha munthu womwalira wosasiya wilo motere: 50 peresenti kwa ana, 20 kwa mkazi kapena mwamuna wotsala, 20 kwa makolo a malemu, 10 kwa ena amene ankadalira malemuyo. Ana obadwa kunja kwa ukwati amawerengedwa pamodzi ndi anzawo, ndipo akazi akakhala angapo amagawana 20 yomweyo. Werenganinso ndi maso a wofufuza: umenewo ndi mndandanda wa oganiziridwa, aliyense ndi gawo lake, ndipo mwana wosadziwika akatulukira pa manda magawo onse a ana amachepa. Vuto silithera pa kudziwa wolakwa. M'mabuku a ku England wakupha akadziwika amatengedwa ndi apolisi, otsala n'kumwa tiyi. Kuno angakhale amalume amene anakulipirira sukulu, ndipo banja lidzakhala pansi kuti nkhaniyi ithere m'nyumba. Khoswe akakhala pa mkhate sapheka. Mitu iwiri kapena itatu yotsatira kuululidwa kwa wolakwa, imene olemba akunja alibe nayo ntchito, kwa ife ingakhale pachimake pa buku.

Lamulo lomwelo lili ndi mfundo ina imene imalumikiza mitundu iwiri ya mabukuyi. Nyumba ya malemu imakhala ya ana ndi wamasiye, koma ufulu wa wamasiye pa nyumbayo umatha akakwatiwanso. Ndiye mkazi wa bambo wa ku Chilenje uja, mwamuna wake atafa mosadziwika bwino, akayamba kukondana ndi munthu wina, ali ndi chopinga chenicheni, cha njerwa ndi malata, ndipo achibale a malemu ali ndi chifukwa chomukankhira ku ukwati ndi chomunenera kuti ndiye anapha. Nkhani zosakaniza chikondi ndi mlandu zimagulidwa kwambiri, koma zili ndi vuto limene olemba sanalithetse bwino. Malonjezo awiri aja amalimbana. Ngati buku lalonjeza kuti awiriwa adzakhala pamodzi, wokondedwayo sangakhale wakupha, ngakhale apolisi apeze mpeni pansi pa bedi lake, ndipo wowerenga amamuchotsa pa mndandanda asanafike n'komwe pa tsamba 50. Nora Roberts, polemba ndi dzina la J.D. Robb kuyambira 1995, analola mwamuna kukhala woganiziridwa m'buku loyamba, kenako anawakwatitsa awiriwo kuti milandu yotsatira izibwera ndi anthu ake. Ena amabweretsa amuna awiri, wina waukali ndi wokayikitsa, wina wofatsa, wobwera ndi thumba la ufa ndi makala pa nyumba ya maliro, wothandiza kuthamangitsa mapepala a imfa. Njira imeneyi inagwira ntchito zaka zambiri, mpaka owerenga onse anaphunzira kuti wa makala uja ndi amene ayenera kufunsidwa kumene anali Lachiwiri usiku.